Kalata yotseguka kwa atsogoleri a zipani zing'onozing'ono: musasukulutse mfundo zanu pofuna kukoma kwa aliyense

Olemekezeka mabwana ndi madona,

Ndikulemba kuchokera ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo kalatayi ndi yanu inu amene zipani zanu zili m'kaundula wa boma koma aphungu anu m'Nyumba ya Malamulo ndi owerengeka pa zala, kapena mulibiretu ndi mmodzi yemwe. Chisankho cha pa 16 September 2025 chidakupwetekani. Anthu 17 adaima pa mpando wa pulezidenti, koma awiri okha, a Peter Mutharika ndi a Lazarus Chakwera, adakokolola pafupifupi mavoti 90 pa 100 alionse. Otsala 15 adagawana zotsalazo. Amene adabwera pachitatu, a Dalitso Kabambe a UTM, adapeza pafupifupi 4 pa 100, ndipo a Atupele Muluzi ndi mayi Joyce Banda aliyense sadafike 2.

Pakagwa zotere alangizi sasowa, ndipo uphungu wawo umakhala umodzimodzi: fewetsani mfundo, siyani nkhani zokhudza anthu ochepa, lankhulani zokomera Mmalawi aliyense kuyambira ku Chitipa mpaka ku Marka. Ine ndikuti uphungu umenewo ndi umene udzakumalizeni. Chipani chaching'ono chikasukulutsa mfundo zake chimayamba kufanana ndi chachikulu, ndipo wovota akaona ziwiri zonena zofanana amasankha chachikulucho, poti ndicho chili ndi mwayi wogwira boma. Ndine mphunzitsi wopuma amene amalimako thonje, ukatswiri wa zandale ndilibe, koma ndimakhala m'chigwa cha Shire chimene chaona zipani zikubadwa ndi mfuu n'kuzimirira mwakachetechete.

Choyamba mundiyankhe funso lowawa: mfundo zake ziti zimene mukufuna kufewetsazo? Tengani mamanifesito a chisankho chapitachi, muchotse zikuto ndi makaka a chipani, mupatse mwana wa Fomu 4 kuti anene mwini wa lililonse. Sangathe. Onse akulonjeza feteleza wotsika mtengo, ntchito za achinyamata, minda ikuluikulu, ngongole za amayi, ndi kuthetsa katangale. Mwa zimenezi mulibe choipa, koma mulibenso chimene munthu angakukumbukireni nacho. Ambiri mwa inu mudafewa kale musanayambe n'komwe.

Uthenga wokomera aliyense m'Malawi muno ndi feteleza. Kuyambira pa makuponi a malemu Bingu wa Mutharika mu 2005 mpaka pa thumba la K4,495 la Mgwirizano wa Tonse mu 2020, kampeni yakhala ikuzungulira pa feteleza ndi chimanga. Kwa mlimi wa ku Thyolo, ku Dedza kapena ku Mzimba zimenezo ndi moyo, sinditsutsa. Koma tsikani pa Thabwa, polowera kuchigwa kuno, mudzaone. Kuno mvula imachedwa, imadula pakati, ndipo dzuwa la kuno limatha kuwotcha chimanga cha kumtunda chisanachite ngayaye. Chimene chimatipulumutsa ndi mapira, mchewere, mbatata ndi chimanga cha kudimba chimene timabzala madzi akaphwa, pa dothi limene Shire walithira yekha chonde. Ndalama zathu zili mu thonje, chitowe, ng'ombe, mbuzi ndi nsomba za m'dambo. Mlimi wa thonje amalira mbewu yodalirika, mankhwala opopera ofika mbozi zisanalowe, sikelo yosaba, ndi wogula wolemekeza mtengo umene boma lalengeza. Boma lenilenilo lidavomereza kuti kuno n'kwina pamene lidayamba kupereka mbuzi m'malo mwa feteleza kwa mabanja ena a ku Chikwawa ndi Nsanje pansi pa AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo.

Nanga thonje silimvekeranji pa nsanja za kampeni? Ndi masamu basi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 564,684 ku Chikwawa ndi 299,168 ku Nsanje, m'dziko la anthu 17.5 miliyoni. Tonse pamodzi sitikwana 5 pa 100. Pamene Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 193, chigwa chonse chinali ndi 11. Choncho chipani chikakhala pansi kuti chichotse nkhani za anthu ochepa, oyamba kufufutidwa ndife. Chikatero chipani chachikulu ndimamvetsa, chikusaka theka la dziko. Koma inu theka la dziko simungalipeze mu 2030, ndipo mukudziwa. Mukatifufuta ife, ndi ena onga ife m'maboma ena, mwataya anthu okhawo amene akadakhala ndi chifukwa chokuvoterani.

Kuchigwa kuno phunziro limeneli tidalilipira modula. Ndikutchula malemu Gwanda Chakuamba ndi ulemu wonse, pakuti kuno timangoti Mbuya, ndipo palibe wandale wina amene chigwa chidamukonda chotero. Adakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1993. Pa chisankho cha 1999 adaimira MCP ndi AFORD n'kupeza mavoti pafupifupi 45 pa 100. Atasemphana ndi a John Tembo adayambitsa Republican Party, ndipo mu May 2004, ataima m'dzina la Mgwirizano wa zipani 7, adapeza pafupifupi 26 pa 100. RP, chipani cha miyezi yochepa chabe, idapata mipando 15. Taganizirani kulemera kwa mipando imeneyo. UDF, imene idatenga upulezidenti, inali ndi aphungu 49 okha mwa 193, ndipo payokha sikadadutsitsa ngakhale bajeti. Boma linkasowa mavoti amene Mbuya adali nawo m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti patatha zaka 7 chikokolokereni msewu pa Mtayamoyo, anthu a ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, akuwoloka pa bwato kupita ku Bangula.

Pasanathe mwezi, Mbuya amene ankanena kuti chisankho chaberedwa adasainirana ndi UDF. Anthu a RP adalowa m'nduna. Mbuya eni ake adakhala nduna ya zaulimi mu February 2005, RP idang'ambika pa nkhani yolowa mu DPP, ndipo pofika September chaka chomwecho adali atachotsedwa unduna. Adayambitsa New Republican Party, koma pa chisankho cha 2009 RP ndi NRP zonse sizidapeze mpando ndi umodzi womwe. Kulowa m'boma sindikukudzudzula, chifukwa chitukuko chimachokera komweko. Dandaulo langa ndi lakuti pa wailesi tidamva mayina a anthu ndi maunduna awo, koma sitidamve ndime yonena kuti mlatho wa pa Mtayamoyo umangidwa pofika chaka chakuti, apo ayi aphungu 15 abwerera kumbali yotsutsa. Ndime yotere ikadakhalapo, n'kuwerengedwa pa bwalo ku Bangula, anthu akadakhala ndi chogwira, ndipo chipani chikadakhala ndi chifukwa chokhalira moyo ngakhale mtsogoleri atachotsedwa unduna. Chisankho cha 2025 chidapeza anthu akuwolokabe pa bwato, zaka 28 chichitikireni ngozi ija.

Abale athu a kumpoto ali ndi nkhani yawo yofanana. AFORD ya malemu Chakufwa Chihana idatenga mipando 36 mu 1994, kuphatikizapo yonse 33 ya chigawo cha kumpoto. Anthu ankadziwa chimene chipanicho chikuimira: munthu amene adatsika ndege mu April 1992 n'kumangidwa chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri. Kenako kudayamba kuyendayenda. Kulowa m'boma la UDF, kutulukamo mu 1996, kugwirana manja ndi MCP mu 1999 pomwe mipando idatsika kufika 29, ndipo mu July 2002 phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, ndiwo adabweretsa m'Nyumba bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti. Idalephera ndi mavoti 3 okha. Chipani chobadwira kukana upulezidenti wamuyaya chidasenza bilu imeneyo! Mu 2004 mipando idatsala 6, mu 2009 umodzi. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wina andiyankha kuti chitatha chisankho cha 2025 a Enock Chihana adapatsidwa mpando wa wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti, womwe uja bambo awo adakhalapo kawiri. Inde, ndipo zimenezo zikuonetsa kuti mgwirizano umapindulira mtsogoleri. Ngati umapinduliranso wovota, a kumpoto adzatiuza akayang'ana misewu ndi zipatala zawo. NDA ya a Brown Mpinganjira, yobadwira kukana teremu yachitatu, idabwerera ku UDF chisankho cha 2004 chitangotha, ndipo achinyamata a lero sadziwa n'komwe kuti idaliko.

Ndikudziwa zimene mukuyankha mumtima, ndipo si zopanda pake. Malamulo enieniwo amakukankhirani kukhala chipani cha aliyense. Lamulo la zipani la 2018 limafuna mayina a anthu 100 ochokera m'boma lililonse kuti chipani chilembetsedwe. Ndime 40 ya malamulo oyendetsera dziko imapereka ndalama za boma kwa chipani chokhacho chimene chapeza kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a mavoti a dziko lonse. Ndipo phungu amapambana poposa mnzake ngakhale ndi voti imodzi, kotero chipani chobwera pachitatu paliponse chimapita kwawo chimanjamanja. Zonsezi ndi zoona. Koma yang'anitsitsani mfundo yomalizayo, ili kumbali yanga. Mavoti 4 pa 100 omwazika m'dziko lonse sabala phungu. Mavoti omwewo ataunjikana m'madera 10 amabala aphungu 10, ndipo m'Nyumba imene boma silikwanitsa theka palokha, aphungu 10 ogwirizana amaitanidwa kukakambirana. Mavoti saunjikana ndi uthenga wosukuluka. Amaunjikana pamene anthu a dera lina aona kuti vuto lawo lili ndi mwini.

Ena mwa inu mudaika chikhulupiriro chonse pa 50+1. Pamene bwalo la milandu lidagamula pa 3 February 2020 kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka, mudaona ngati tsopano zipani zikuluzikulu zizikugwadirani. Mu June 2020 zidaoneka choncho, pamene zipani 9 za Mgwirizano wa Tonse zidapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Mgwirizano umenewo sindiunyoza. Pali nthawi zimene dziko limafuna kuti anthu osiyana maganizo aime pamodzi, monga zidalili pa riferendamu ya 1993. Koma pangano la Tonse lidabisidwa kwa ovota, ndipo pamene malemu Saulos Chilima adaulula mbali yake pa 1 July 2022, nkhani yake inali ya amene adzaime mu 2025. UTM idatuluka mu July 2024. Mkangano wonsewo unali wa mpando. Sindikumbuka chipani chilichonse mwa 9 zija chikutuluka n'kunena kuti tachoka chifukwa mfundo yakutiyakuti imene tidalonjeza anthu athu yaphwanyidwa. Kenako mu 2025 chisankho chidathera ulendo woyamba, opanda kubwereza, ndipo palibe amene adagogoda pakhomo panu. Malemu Chilima adapeza mavoti 20 pa 100 mu 2019, chipani chawo chidapeza 4 mu 2025. Mavoti otsata munthu amapita ndi munthuyo. Lamulo la 50+1 limapatsa mphamvu amene ali ndi ovota osasunthika, ndipo wovota sasunthika ngati akuopa kuti akachoka, chinthu chenicheni chimene akuchifuna chisowa wochilankhulira.

Tsono pempho langa ndi losemphana ndi la alangizi anu. Mfundo zanu zichepe, koma ziume. Sankhani zitatu kapena zinayi zimene zipani zikuluzikulu zimaopa kuzigwira, muzilembe m'mawu amene mayi wogulitsa nsomba pa Nchalo angabwereze, ndipo muzikakamire ngakhale zikutayitseni mavoti kwina. Kuchigwa kuno zilipo zongodikira mwini.

Yaikulu ndi nkhani yosamuka. Madzi osefukira a January 2015, amene adasinthitsa Ruo njira n'kudula Makhanga, namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu March 2023: ulendo uliwonse akuluakulu amafika pamsasa ndi matumba a ufa ndi mawu amodzimodzi, akuti samukirani kumtunda. Anthu akabwerera kumabwinja awo amatchedwa osamva, ndipo m'tauni mumamveka chipongwe chakuti anthu a kuchigwa amakonda zolandira. Amene amanena zimenezo sadaonepo malo amene anthu amawalozerawo. Kumtunda kuli eni ake, dothi lake ndi louma, mjigo uli kutali, ndipo dimba limene limadyetsa banja miyezi yambiri pa chaka latsala kumadzi. Anthu a kwa Nyachikadza akhala akuuzidwa kuti asamuke kwa zaka zambirimbiri, ndipo amene amakana sakukana chifukwa chokonda kumira. Mu 2023 aphungu adadutsitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa la 1991, koma lamulo silikumba mjigo. Chipani china chiime n'kunena kuti palibe mudzi wosamutsidwa malo atsopano asanalembedwe m'mayina a osamukawo, madzi, sukulu ndi chipatala zisanafike, ndipo wosamuka asalandidwe dimba lake. Mfundo imeneyi idzakudanitsani ndi ena. Mafumu ena a kumtunda sadzakondwa, a zachuma adzati n'zodula. Ndiye mfundo imeneyo. Chinthu chimene aliyense akuchiwombera m'manja sichingakusiyanitseni ndi wina.

Ina ndi ya ngalande. Ntchito ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikutenga madzi pa Kapichira ndi cholinga chowafikitsa ku Bangula, mtunda wa makilomita 118, n'kuthirira mahekitala 43,370 ndi ndalama za World Bank ndi African Development Bank, ndi chinthu chachikulu koposa chimene chigwa chino chachiona chiyambireni minda ya nzimbe ya pa Nchalo m'zaka za m'ma 1960. Ndikuifunira zabwino. Koma kuti alimi apindule akuyenera kuphatikiza minda yawo n'kupanga makopaletivi, ndipo pamene minda yaphatikizidwa mafunso amabadwa. Mayi wamasiye wa Chisena, amene munda udali m'dzina la mwamuna wake, gawo lake lilembedwa kwa yani? Nanga kwa Amang'anja, kumene munda umatsata kuchikazi? Ng'ombe zizidya kuti ndipo ziziwolokera pati? Chaka cha chilala madzi akachepa, adzayamba kulandira ndani pakati pa minda ikuluikulu ya nzimbe ndi makopaletivi a alimi? Zipani zikuluzikulu zimangolimbirana ulemu wakuti ntchitoyi idayamba ndi ife. Palibe chimene chadzipereka kukhala maso a mlimi, kufuna kuti pangano lililonse la malo ndi madzi liziwerengedwa poyera m'Chichewa ndi m'Chisena lisanasainidwe. Malo amenewo ali opanda munthu.

Thonje ndanena kale. Mlatho ndi msewu wa ku East Bank, kuchokera pa Thabwa mpaka ku Makhanga, aliyense amaulonjeza, kotero kuulonjezanso si mfundo. Mfundo ndi kunena kuti aphungu athu sadzavomereza bajeti yopanda ndalama za mlathowo, n'kuchitadi zimenezo pamaso pa anthu. Malonjezo aakulu tawaona. Pa 23 October 2010 doko la Nsanje lidatsegulidwa pamaso pa a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda, koma bwato lonyamula katundu limene linkayembekezeka lidagwidwa ku Mozambique, ndipo dokolo lidangokhala chipupa cha simenti. Pamene zachitika tiyamikire: sitima ya pamtunda idafikadi ku Marka mu 2024 patatha zaka zoposa 40. Komabe mayi woyembekezera wa ku Makhanga sitimayo siimufikitsa kuchipatala.

Pali mfundo inanso imene zipani zikuluzikulu sizidzaigwira konse, chifukwa ikuluma izo zomwe. Malamulo a 1994 adali ndi ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu adaifufuta mu 1995. Ndime 65, yoletsa phungu kudumphira chipani china, ilipo koma yakhala ikugona. Inu amene mulibe zambiri zotaya, bwanji osaima pa kubwezeretsa ndime 64? Ndipo musadikire lamulo. Aliyense woimira chipani chanu asaine pamaso pa mafumu ndi anthu kuti akadzasamukira ku chipani china adzatula pansi udindo n'kupikisananso.

Wina anena kuti ndikukuphunzitsani ndale za chigawo kapena za mtundu. Ayi ndithu. Chipani cha Asena okha kapena Amang'anja okha sindichifuna, ndipo chingatigawe ife tomwe kuchigwa kuno. Taonani kumene mfundo zimenezi zikufika. Nkhani yosamuka ndi ya ku Karonga, Salima, Nkhotakota, Phalombe, Mulanje, ndi ya anthu a m'mphepete mwa phiri la Soche ku Blantyre amene Freddy adawakwirira. Thonje ndi la ku Balaka, Salima, Mangochi ndi Karonga. Pangano la malo pakati pa mlimi wamng'ono ndi kampani yaikulu ndi nkhani ya ku Dwangwa, ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mukagwira mfundo imodzi mwamphamvu, imakutengerani yokha m'maboma ena kumene anthu akulira chimodzimodzi, ndipo mayina 100 a boma lililonse mudzawapeza kwa anthu odziwa chimene akusainira. Kukula kotere n'kochedwa. Chisankho chimodzi sichikwana, mwina ngakhale ziwiri, ndipo amene akufuna galimoto ya unduna chaka chino ndi bwino asiye kuwerenga pano.

Zoti mufewetse zilipo, ndipo n'zambiri, kungoti sizimene alangizi amatchula. Fewetsani mtima wakuti mwini chipani ayenera kuoneka pa pepala lovotera pulezidenti. Mu 2025 kuima pa mpando umenewo kunkafuna K10 miliyoni, osawerengera mafuta ndi zimkuzamawu. Ndalama zimenezo zikadaimitsa makhansala angati m'mawodi amene mukadapambanadi? Khansala mmodzi amene amafika pa msika wa thonje n'kuima pambali pa sikelo amamanga chipani kuposa chithunzi cha bwana pa mtengo wa magetsi. Fewetsani umwini wa chipani. Zipani zambiri zazing'ono ndi katundu wa munthu mmodzi: ofesi ndi nyumba yake, thumba la chipani ndi thumba lake, msonkhano waukulu umachitika iye akafuna. Chipani chotere chimagulidwa ndi foni imodzi, chifukwa wogula akungofunika kukhutiritsa munthu mmodzi. Lembani m'malamulo a chipani kuti mgwirizano uliwonse uzivomerezedwa ndi nthumwi za m'madera, ndipo mudzaona kuti ngakhale pokambirana ndi akuluakulu mudzakhala ndi ponena kuti anthu anga akana.

Siyaninso kutukwana pa nsanja. Munthu akhoza kukhala wouma pa mfundo koma waulemu pakamwa, ndipo kuno timamvera wotere. Pa zogawagawa musayese n'komwe. Lamulo la 2018 lija limaletsa, ndipo ngakhale likadalola, simungapose amene ali ndi matumba akuya. Anthu athu akakhala pa njala, mpaka kufika pokumba nyika m'dambo muli ng'ona, adzalandira nsalu ndi ndalama za aliyense, ndipo sindiwaweruza. Koma kuseri kwa katoni kovotera amakhala okha, ndipo amadziwa kusiyanitsa. Umboni wake ndi aphungu oima paokha: 52 mu 2014, 55 mu 2019. Anthu ochuluka chotere adakana makaka a zipani zonse n'kuvotera munthu amene ankamudziwa ndi chinthu chenicheni cha kwawo. Ovota amenewo ndi anu mukadafuna. Vuto lawo n'lakuti woima payekha akafika ku Lilongwe amakhala yekhadi, ndipo sachedwa kutengedwa ndi mbali ya boma. Chipani chaching'ono cha mfundo zochepa zomveka chikhoza kusonkhanitsa anthu otere n'kuwapatsa msana.

Mgwirizano musauope. Tsiku lidzafika pamene chipani chachikulu chidzafune aphungu anu kapena mavoti anu, ndipo kukana kukambirana kungakhale kudzikuza kopanda phindu. Pa zinthu zina zonse gonjani: amene akhale nduna, mtundu wa nsalu, amene ayambe kulankhula pa msonkhano. Koma pangano likhale lolembedwa, litchule zinthu zitatu kapena zinayi zija ndi chaka chimene zichitike, linene poyera kuti zikalephereka mutuluka, ndipo lisindikizidwe m'nyuzipepala ndi kuwerengedwa pa wailesi za m'madera chisankho chisanachitike. Mtsogoleri amene akukana kuonetsa pangano ndiye kuti m'panganomo muli dzina lake lokha.

Mwa inu ngati alipo amene akufuna kuyesa njira imeneyi, asadikire 2030, pamene magalimoto a zimkuzamawu adzadzaze msewu wa M1 kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Nsanje. Abwere mu February, mvula ili pakati. Galimoto aisiye pa Bangula, awoloke pa Mtayamoyo pa bwato lomwe timakwera tonse ndi kulipira mtengo womwe timalipira, akagone ku Makhanga, ndipo m'mawa mwake akhale pansi ndi makomiti a m'midzi, makalabu a thonje ndi amayi a kudimba. Abwere ndi pepala ndi cholembera, nsalu azisiye. Zimene adzalembe tsiku limenelo adzatiwerengere asananyamuke, tidzasunge kope lathu kwa mfumu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ndi mlimi wa thonje,
Ngabu, Chikwawa